Wopaka Njereza wa ku Nyenyezi

Pali mitundu ya anthu imene imalemekeza choonadi, ndipo pali ina imene imalemekeza maonekedwe. Ufumu wa Tidzafika sunavutike kusankha pakati pa ziwirizi, pakuti unasankha kalekale, ndipo unasankha njereza.

M'dzikolo munali malamulo awiri akale kuposa ena onse. Loyamba linali lakuti diso la mfumu lisaone mwala wosapakidwa njereza, ndipo phazi lake lisaponde dera limene miyala yake sinayeretsedwe. Mfumu ikafuna kuyendera anthu ake, madzi akanatha kusowa m'zitsime ndi mankhwala m'chipatala, koma miyala ya m'mbali mwa msewu inayenera kuyera mbee, pamodzi ndi mitengo yonse kulekeza m'chiuno mwa munthu. Mbuzi yogona pafupi ndi msewu pa tsiku lotere inkadzuka itayera mbali imodzi. Lamulo lachiwiri linali lakuti cholengedwa chilichonse chisathamange kuposa mfumu. Mfumu ya masiku amenewo inali Sachedwa Wachinayi, ndipo dzinali linali loona, pakuti ikafika pamsonkhano patapita maola anayi, mawotchi onse ankabwezedwa m'mbuyo.

Munthu amene anasenza lamulo loyambalo pamapewa pake anali a Filimoni Kamtedza, Wopaka Njereza Wamkulu wa Ufumu. Anagwira ntchitoyo zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka zikhatho zawo zinang'aluka ngati dambo la mwezi wa Okutobala. Anali munthu wosadziwa chinyengo: mwala ankaupaka pamwamba ndi pansi pomwe, ngakhale pansipo sipaoneka. Akazi awo, a Nangondo, ankagulitsa makala mumsika wa Dikirani, likulu la ufumuwo, kotero kuti anthu ankati banja limeneli linagawana dziko lonse, wina kuyeretsa, wina kudetsa.

A Kamtedza anali atatsala ndi mwezi umodzi kuti apume pantchito. Iwo ndi akazi awo anali atakonzeka kubwerera kwawo ku Tinaiwalika, mudzi wa kuseri kwa phiri la Chitsekereza, kutsidya kwa mtsinje wa Wolokawekha. Mlatho wa pamtsinjewo unagwa m'nthawi ya agogo ake a mfumu, ndipo kuyambira pamenepo kunalibe mfumu imene inapondako. Zofuna za a Kamtedza zinali zochepa: kuweta nkhunda, kukalamba pafupi ndi akazi awo, ndi kukhala pansi tsiku lina pa mwala wakuda umene palibe anaukhudza ndi burashi.

Chimene chinaima pakati pa iwo ndi zofunazi chinali mwala wina wotchedwa kamphindi, wopezeka m'phiri lomwelo la Chitsekereza. Unali wobiriwira ngati ndulu, wosakongola konse, ndipo unali ndi khalidwe limodzi loipa: sunkadziwa kudikira. Anthu a ku Tinaiwalika anaudziwa kuyambira makolo awo, ndipo sankaukonda. Munthu wina anauika m'thumba popita ku maliro a mlamu wake, nafika akulira mokweza mlamuyo akadali moyo, akutong'ola chimanga pakhonde. Mlandu wa ufiti umene unatsatira unatha zaka ziwiri. Wina anaumangira m'maziko a khitchini, ndipo m'mawa anapeza khitchiniyo ili kutsidya kwa mtsinje. Pomalizira pake anthu anapeza mankhwala ake. Mwalawo ukapakidwa njereza unkagona tulo tosadzukanso, nukhala mwala wamba, waulemu ngati anzake.

Chaka china kunafika alendo ochokera ku dziko la Tengazonse, atanyamula zipangizo zolira ngati nkhululu. Iwo anafotokoza kuti kamphindi akaikidwa m'ng'anjo ya chombo cha m'mlengalenga, chombocho chimathamanga kuposa kuwala, nichifika ku nyenyezi m'masiku owerengeka. Anakumba phirilo zaka ziwiri mpaka linasanduka chigoba. Pa madengu khumi alionse anatenga asanu ndi anayi. Mfumu anaisiyira mulu umodzi wa mwalawo, chombo chatsopano chonyezimira, ndi chombo china chakale chimene anangoonjezera ngati banyira. Kenaka anachoka osatsanzika, pakuti anthu okhala ndi mwala wotere alibe nthawi ya ulemu.

Mfumu inasonkhanitsa nduna zake zonse, niitanitsanso woyendetsa chombo, munthu wofatsa amene kale ankayendetsa basi, ndipo alendo aja anamuphunzitsa za chombo kwa masiku atatu.

"Kuwala kumene mukunenaku," inafunsa mfumu, "kumathamanga motani?"

"Mwinidziko, palibe chothamanga kuposa iko," anayankha woyendetsayo.

Mfumu inadziloza pachifuwa.

"Ngakhale ine?"

Woyendetsayo anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ndiye kuti zaka zonsezi, ine ndikamalowa m'bwalo lino, kuwala kunkayamba kufika ndiko? Ndani anapatsa kuwala chilolezo chonditsogolera?"

Apa inaimirira Nduna Ndithudi Mwatero, Nduna ya Mwambo ndi Malonje, munthu amene msana wake unapindika chifukwa cha kuwerama, osati chifukwa cha khasu.

"Mwinidziko, kunkachita mobisa. Apolisi athu anayesetsa kugwira kuwalako, koma monga mudziwa, amayenda pa njinga."

Mfumu inamenya ndodo pansi, nilamula kuti pakatha masabata atatu ikwera chombo chatsopano, ipite ku nyenyezi yotchedwa Kutalitali, ulendo wa masiku atatu, kuti kuwala kuchite manyazi pamaso pa zolengedwa zonse. Nduna zinaomba m'manja mpaka mphete zawo zinatentha. Phokoso litachepa, Nduna Ndithudi inatsokomola.

"Pali kanthu kamodzi kokha, Mwinidziko. Miyala ya ku nyenyeziko sinapakidwe."

Palibe amene anaseka, pakuti m'bwalo limenelo kuseka kunkayamba ndi mfumu. Anatuma munthu kukaitana a Kamtedza, amene anafika njereza ili m'zigongono, nagwada pakhomo.

"A Kamtedza," inatero nduna, "ufumu wakuchitirani ulemu waukulu. Loweruka lino munyamuka kupita ku Kutalitali, kukapaka miyala mfumu isanafike."

"Ndathokoza, bwana. Ndikwera chombo chiti?"

"Chakale chija. Chatsopanochi chimathamanga liwiro la mfumu, ndipo inu si mfumu."

Woyendetsa uja anakweza chala mwamantha. "Pepani, akuluakulu. Chakalecho sichidya kamphindi. Kuti chikafike ku Kutalitali chimatenga zaka mazana anayi."

Nkhope ya mfumu inachita mdima. "Ine ndidikire zaka mazana anayi?"

"Kutalitali, Mwinidziko! Ndiko kuti, ayi ndithu!" inafuula nduna. "Mfumu sidikira. Tingolamula kuti a Kamtedza ayende zaka mazana anayizo m'masabata atatu."

"Nanga ndikalephera, bwana?" anafunsa a Kamtedza.

"Mudzayankha mlandu wa mwano tsiku limene mudzafike."

"Bwana, ndatsala ndi mwezi umodzi kuti ndipume."

"Mukapuma m'njira. Nthawi ilipo yambiri."

Lamulolo linalembedwa, linadindidwa, ndipo nduna zinapita kukadya.

Masana omwewo a Kamtedza anatsikira ku msika, nakhala pa ndowa yawo yovundikira pafupi ndi matumba a makala. Pambali pa a Nangondo pankakhala a Bizaliele, wokhoma zidebe, munthu amene nyundo yake inkapuma koma pakamwa pake ayi.

"Mwati zaka zingati, bambo a Dorika?" anafunsa a Nangondo.

"Mazana anayi, make Dorika."

"Nanga kamba wa paulendo ndikonze wochuluka bwanji? Mbatata zootcha sizifika ngakhale Lachiwiri."

"Achimwene," anatero a Bizaliele, "mukakafika mutilembere kalata. Zidzukulu za zidzukulu zathu zidzawerenga, ngati sukulu idzakhale itafoleredwa."

"Inu musaseke. Ati ndikachedwa ndidzazengedwa mlandu."

"Pamenepo musade nkhawa. Makhoti athu akadzaitana mlanduwo, zaka mazana anayi zidzakhala zitakwana kale."

Amayi ogulitsa matemba anaseka, ogulitsa mchere anaseka, ndipo a Nangondo anasekanso. Anthu a ku Tidzafika amaseka pamene mitundu ina imalira, osati chifukwa mitima yawo ndi youma, koma chifukwa kulira pagulu kumafuna chilolezo. Koma pomanga thumba la makala a Nangondo anakoka luzi mpaka linaduka. Anayang'ana chidutswa chimene chinatsala m'manja mwawo, nati motsitsa mawu, "Khola la nkhunda lija munamanga chaka chatha. Ndani adzalowetsemo nkhunda?"



Ntchito imodzi inali itawatsalira asananyamuke. Lachisanu m'mawa mfumu inayenera kukaona ndi maso ake mulu wa kamphindi, ndipo Lachinayi Nduna Ndithudi inawaitanira pamuluwo.

"Pakani," inatero.

A Kamtedza anatula ndowa pansi. "Bwana Nduna, ine ndine mbadwa ya kuseri kwa phiri. Mwala uwu ukalawa njereza umagona."

"Mwala sugona, a Kamtedza. Alendo aja, anthu ophunzira zakuya, sananenepo zimenezo."

"Sanafunse, bwana. Ndikubwerezanso: mukaupaka, sudzayendetsa ngakhale wilibala."

"Kodi mukufuna kuti diso la mfumu lione chinthu chobiriwira ngati ndulu? Mwambo umenewu ndi wakale kuposa agogo anu. Munapita sukulu iti yoti muphunzitse Nduna ya Mwambo za mwambo?"

"Ndikunena kachitatu, bwana, kuti mawa musadzati sindinanene. Ngati mwatsimikiza, mundilembere pa pepala kuti walamula ndinu."

Ndunayo inkakonda chidindo chake kuposa ana ake, ndipo sinkataya mwayi wochigwiritsa ntchito. Inalemba, inasaina, inadinda kawiri. A Kamtedza anapinda pepalalo, natenga burashi, napaka mwala uliwonse pamwamba ndi pansi pomwe, monga mwa chizolowezi chawo. Madzulo anapereka pepalalo kwa akazi awo, amene analisunga m'duku.

Lachisanu m'mawa mfumu inaona muluwo uli mbee, niyamikira kuti mwala wa m'dziko lake ndi waukhondo kuposa wa maiko ena. Masana woyendetsa uja anathira miyalayo m'ng'anjo ya chombo chatsopano kuti ayese moto. Chombocho sichinatsokomole n'komwe. Anathira ina, anapemphera, anamenya ng'anjoyo ndi sipanala monga ankachitira ndi basi, koma kamphindi anali m'tulo.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dzuwa lisanapendeke, anthu a mumsika wa Dikirani anaona zimene anali asanaonepo: Nduna ya Mwambo ndi Malonje ikuyenda pansi, yopanda wogwira ambulera, ikulumpha zithaphwi.

"Mayi," inatero itafika pa makala, "amuna anu ali kuti?"

"Akutsanzika anthu, bwana. Zaka mazana anayi si kupita kudimba."

"Mwala uja, kodi ungadzutsidwe?"

"Kwathu sitinayesepo. Ukagona tinkangothokoza."

"Ndiye tikakumbe wina!"

"M'phiri muja mwatsala dzenje lokha, bwana," anatero a Bizaliele osasiya kukhoma, "ndipo dzenje silithamanga."

Ndunayo inatupa. "Amuna anu, mayi, awononga chuma cha ufumu! Mutu wawo uli m'madzi!"

A Nangondo anamasula duku pang'onopang'ono, natambasula pepala lija ndi zala zawo zakuda. "Ine sukulu ndinalekera panjira, bwana, mundithandize. Chidindo ichi ndi cha bambo a Dorika?"

Ndunayo inayang'ana chidindo chake. Inakhala pa thumba la makala, ngakhale inali itavala buluku loyera.

"Ndatha ine," inanong'ona. "Mfumu ikakwera chombo chosayenda, amene adzakwere mtengo ndine."

A Nangondo anaisiya kuti imve bwino kulemera kwa mawu ake. Kenaka anafunsa, "Kodi mfumu inayamba yafikako ku nyenyeziko?"

"Ayi."

"Nanga ku Tinaiwalika?"

"Kumeneko ndi kuti?"

"Basi, bwana, nkhani yatha. Nyenyezi yanu ndi imeneyo."

Anafotokoza tsono maganizo awo. Amuna awo anyamuke Loweruka monga mwa lamulo, koma wapansi, kupita kwawo kukapaka miyala. Chombo cha mfumu chiikidwe pa matayala a ngolo, chikokedwe ndi ng'ombe kuzungulira phiri, ulendo wa masiku atatu ndendende. Ndunayo inafunsa kuti nanga mfumu ikasuzumira pazenera bwanji.

"Kumwamba kuja ati kuli miyala yambirimbiri yongoyendayenda," anatero a Nangondo. "Anaipaka ndani?"

Nkhope ya nduna inawala. "Palibe! Ndiye kuti mwambo ukulamula kuti mazenera apakidwe njereza!"

Bodza ndi bodza, ngakhale lonenedwa ndi mkazi wopulumutsa mwamuna wake, ndipo pasapezeke wowerenga wonena kuti nkhani ino ikuliyamikira. Koma kuyenera kunenedwanso kuti m'dziko limene choonadi chinanenedwa katatu Lachinayi nichikanidwa katatu, bodza silinathyole chitseko. Linachipeza chotsekula.

Loweruka kunali mwambo wotsanzika. Bandi inaimba, mfumu inalankhula maola awiri, ndipo itangomaliza inachoka, pakuti mfumu sidikira. A Kamtedza analowa m'chombo chakale pakhomo la kutsogolo atanyamula ndowa ndi burashi, natulukira pakhomo la kumbuyo, nalunjika njira ya kuphiri. Anthu onse anaona, ndipo palibe amene anaona. Pofika Lolemba chombo chakalecho chinali chitazimirira, ndipo chaka chimenecho a Bizaliele ndi anzawo anagulitsa zidebe zolimba zimene msika wa Dikirani unali usanazionepo.

Patatha masabata atatu mfumu inalowa m'chombo chatsopano pamodzi ndi Nduna Ndithudi ndi woyendetsa uja, amene ntchito yake tsopano inali kugwira chiwongolero ndi kuoneka wotanganidwa. Chitseko chitatsekedwa, anthu anabwera ndi ng'ombe makumi asanu ndi atatu, nazimanga m'magoli. Chikwapu chinalira, ndipo ulendo wa ku nyenyezi unayamba.

Msewu wozungulira phiri la Chitsekereza unali ndi maenje otha kubisa mwana wa ng'ombe. Mfumu inagwira mpando ndi manja onse awiri.

"Nduna, kugwedezeka kumeneku n'kwa chiyani?"

"Ndi liwiro, Mwinidziko."

"Nanga chikulira panjachi n'chiyani? Chikumveka ngati ng'ombe."

"Ndi kuwala, Mwinidziko. Kukulira chifukwa mwakupitirira."

Mfumu inamwetulira, kenaka inanunkhiza. "Nanga fungo la ndoweli?"

"Ndi mantha ake, Mwinidziko."

Pa tsiku lachitatu anafika pa mtsinje wa Wolokawekha. Amuna a ku Tinaiwalika anamasula ng'ombe, nasenza chombocho pamapewa, nalowa nacho m'madzi olekeza m'chifuwa, monga ankachitira ndi odwala awo ndi akufa awo zaka zonse. Mfumu inamva kuti ikuyandama, ndipo nduna inaiuza kuti afika pakati penipeni pa thambo.

Chitseko chitatsekulidwa, mfumu inaona miyala yoyera mbee itandandalikidwa mbali zonse za njira, ndipo mtima wake unakhala pansi. Amayi anali kuvina, aliyense atavala fanelo ya chitsulo pamutu, pakuti nduna inaumirira kuti anthu a ku nyenyezi asafanane kwambiri ndi anthu. Patsogolo pawo panali a Nangondo, amene anasankhidwa kulankhulira nyenyezi yonse.

"Takulandirani, mlendo wolemekezeka," anatero.

Mfumu inadzidzimuka. "Nduna, akulankhula chinenero chathu!"

"Mbiri yanu inafika kuno kale, Mwinidziko. Anachiphunzira kuti adzathe kukutamandani."

Apa ndi pamene panaonekera chinthu chimene nduna sinachiganizire. Pa maulendo ena onse a mfumu, kunkatsogola gulu la akuluakulu a boma kukabisa odwala, kukatchinga nyumba zakugwa ndi nsalu, ndi kukathira madzi a m'migolo m'zitsime zouma. Ulendo uno unali wachinsinsi, ndipo kunatsogola munthu mmodzi yekha, amene ntchito yake inali miyala. Motero kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Sachedwa Wachinayi anaona zimene zimakhala kuseri kwa miyala yoyera.

Inaona chipatala chopanda denga, mtengo wa mpoza utamera pakati pa chipinda cha amayi. Inaona chitsime chimene nkhuku zinkaikiramo mazira. Inaona mayi wodwala akuwolotsedwa pamtsinje atagonekedwa pa chitseko. Inaonanso phiri lokumbidwa mpaka m'mimba, lili kukamwa yasa.

"Mayi wa ku nyenyezi," inatero mfumu, "kodi dziko lino lili ndi mfumu?"

"Timamva kuti ilipo."

"Munaionapo?"

"Pa nsalu pokha, mlendo wolemekezeka. Koma nsaluyo inasuluka."

"Nanga dzenje lalikululi?"

"Munali mwala wathu. Mfumu yathu inaupereka kwa alendo, iyo nilandira choseweretsa."

Nduna Ndithudi inagwidwa ndi chifuwa choopsa, koma mfumu sinaimve. Inali itakwiya kale, mkwiyo woyera wa munthu woona zolakwa za mnzake. Inakwera pa chulu, nikweza ndodo.

"Anthu a ku Kutalitali! Ine ndayenda kuposa kuwala, ndipo sindinaonepo manyazi otere. Mfumu imene sidziwa kuseri kwa phiri lake si mfumu, ndi chipewa chabe! Mfumu yosinthanitsa chuma cha anthu ndi choseweretsa ndi chitsiru, ndipo mukaiona muiuze kuti ndatero ndine! Kwathu ku Tidzafika munthu wotere sakanakhala pampando ngakhale tsiku limodzi!"

Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta mpaka mafanelo anagwa m'mitu. M'zaka zonse za ufumu wake, mfumuyo inali isanaomberedwepo m'manja moona mtima chotere, ndipo inamva kusiyana kwake ngakhale sinadziwe chifukwa. Pomwepo inalamula kuti ufumu wa Tidzafika umangire anthu ovutika a ku nyenyezi mlatho, ufolere chipatala, ukumbe chitsime, ndipo pa chilichonse pakhomedwe chikwangwani cha dzina lake.

Kenaka inaitana a Kamtedza, amene anabwera nagwada.

"Zaka mazana anayi m'masabata atatu!" inatero mfumu. "Nduna zanga zikanakhala ngati inu, bwenzi tili patali. Lowani m'chombo, mubwerere nafe. Ndamva kuti kuli nyenyezi ina ya zaka mazana asanu ndi anayi, ndipo ndikufuna munyamuke Loweruka."

Ng'oma zinaleka. A Nangondo anaima chilili, fanelo ili m'manja. Nduna inatseka maso, pakuti kunalibe mudzi wina wokonzeka, ndipo chombo chakale chinali chikutungira madzi m'makomo a anthu.

A Kamtedza sanali munthu wa mabodza, ndipo ngakhale pamenepa sananene bodza. Anayang'ana miyala yawo, nati, "Mwinidziko, njereza ili ndi chilema chimodzi. Mvula ikagwa imasuluka. Mwalamula mlatho, ndipo mlatho wa mfumu amatsegula ndi mfumu. Tsiku limene mudzabwere, miyala iyi idzakhala itada. Adzaipaka ndani?"

"Mwambo, Mwinidziko!" inafuula nduna ngati munthu wotulutsidwa m'madzi. "Mwambo ukufuna kuti pakhale wopaka wokhazikika!"

Misozi inalengeza m'maso mwa mfumu. "Kodi mukudziwa chimene mukupempha, a Kamtedza? Mudzakalambira kuno. Mudzaikidwa kuno, kutali ndi likulu. Nanga akazi anu?"

"Ndipirira, Mwinidziko."

"Ayi, mtumiki wanga sangafe ndi njala pa nyenyezi ya eni." Inatembenukira kwa amayi aja. "Kodi pali mkazi kuno amene angasamale munthu uyu?"

A Nangondo anayandikira, nawayang'ana a Kamtedza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga munthu woyesa thumba la makala ngati lili ndi miyala pansi.

"Ndi wokalamba," anatero. "Manja ake ndi ong'aluka, ndipo akuoneka kuti amaliza mkonono. Koma poti mwapempha ndinu, mlendo wolemekezeka, ndimutenga."

Mfumu inawakwatitsa pomwepo, niwalonjeza mbuzi zinayi. Isanalowe m'chombo inakokera a Kamtedza pambali, niwanong'oneza mwachisoni, "Pepani, akuoneka wolongolola. Wa kwanu uja anali wotere?"

"Ndendende, Mwinidziko."

Mlatho umene unalephereka kwa mibadwo itatu unamangidwa m'miyezi iwiri, pakuti chifundo chochitira alendo chimathamanga kuposa kamphindi. Simenti ndi malata zinkapakiridwa m'chombo bandi ikuimba, ndipo ng'ombe zinkachita zotsalazo. Chipatala chinafoleredwa, ngakhale anthu anapempha kuti mpoza uja usadulidwe, popeza unali utatumikira odwala nthawi yaitali kuposa boma.

A Kamtedza amapaka miyala ya ku nyenyezi kamodzi pachaka, mvula ikatha, pamwamba ndi pansi pomwe. Khola lawo ladzaza nkhunda. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mwala umodzi wakuda, wosalala, umene burashi sinaukhudze, ndipo pamenepo ndi pamene amakhala masana, akazi awo aja a kawiri ali pambali kuwakumbutsa kuti ukwati wachiwiri ndiwo unabwera ndi mbuzi.

Pamwala pomwepo ndi pamene amawapeza anthu ochokera m'midzi ina ya ufumuwo, ya kuseri kwa mapiri ena ndi kutsidya kwa mitsinje ina, odzafunsa njira imene mudzi umatsata kuti usanduke nyenyezi. Pa tebulo la Nduna Ndithudi pali kale mapempho makumi anayi ndi atatu, ndipo ng'ombe za ufumu zayamba kuonda. Pempho lililonse limayamba ndi mawu omwewo: "Ife tili kutali kwambiri ndi mfumu." Ndipo m'nkhani yonseyi, yodzaza ndi chinyengo cha akulu ndi cha ang'ono, awa ndiwo mawu amene safuna njereza.